Pakhomo Pathu: Madzulo Amene Nkhwani Unakwera pa Pizza

Nkhaniyi inayambira pamkeka, usiku wina chakumapeto kwa mwezi wa Seputembala. Tinali titaphika nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, chakudya chimene pakhomo pathu sichisowa wochidya. Titapemphera, mnyamata wathu wa zaka 13 anatema mbamu imodzi, n'kukankhira mbale ya ndiwo pakati. "Amayi, kodi ifeyo tizingodya masamba ngati mbuzi mpaka liti? Anzanga kusukulu amadya pizza." Mlongo wake anaseka, ifenso tinaseka nawo, koma mawuwo anatitsata mpaka kuchipinda.

Amene mumakhala kuno ku Mtandire mukudziwa kumene mawu oterewa amachokera. Tinayandikana ndi nyumba za mipanda italiitali za ku Area 47, ndipo ambiri mwa ife ndi amene timalondera, kuphika ndi kuthirira maluwa m'nyumbazo. Ku Gateway Mall ndi ulendo wa pansi. Ana athu akamaweruka kusukulu amaona zikwangwani za zakudya zonona, amaona makatoni amene anzawo anyamula, ndipo pafoni amaona zoposa pamenepo. Pang'ono ndi pang'ono mumtima mwa mwana mumakhazikika maganizo akuti chakudya chili pawiri: cha anthu otukuka chimene chimabwera m'katoni, ndi cha amphawi chimene chimathyoledwa kuseri kwa nyumba. Tikukhulupirira kuti makolo a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona anawamvapo mawu ofanana ndi amenewa.

Tinamuyankha monga mmene ambiri a ife tikanayankhira. Tinamukumbutsa za Danieli ndi anzake atatu ku Babulo, amene anapempha zamasamba ndi madzi kwa masiku khumi m'malo mwa zakudya za mfumu. Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, pakuti nkhaniyo anaiphunzira ali wamng'ono ku Sukulu ya Sabata. Koma mawa lake mbale ya bonongwe inabwerera mmene inapitira. Apo m'pamene tinazindikira kuti mwanayo nkhani ya Danieli amaikhulupirira ndithu, chimene chikumuvuta ndi manyazi. Akuchita manyazi ndi chakudya cha kwawo, ndipo manyazi sachoka ndi kukalipira.

Ulendo wa ku Njewa

Mumpingo mwathu muli mkulu wina amene anagwira ntchito yophika zaka zambiri m'nyumba za anthu akunja ku Area 10 ndi ku Area 43. Atapuma, iye ndi amayi a kunyumba kwake anakakhazikika pa kamunda kawo kumadera a ku Njewa, chapafupi ndi msewu wa ku Mchinji. Nkhani ya mwana wathu inawapeza kudzera kwa amayi a Dorika, amene nkhani siiwadutsa patali. Uthenga wawo unali waufupi: "Mubwere nawo anawo tsiku loyamba la mlungu dzuwa likapendeka. Musanyamule kanthu, koma ufa wa tirigu makilogalamu awiri basi."

Tinanyamuka mabanja anayi m'mwezi wa Okutobala, chilimwe chitafika penipeni. Nyenje zinali kulira m'mitengo, minda ili mbee, kwina kuli lupsa, mango akadali aawisi. Titatsika minibasi tinayenda kanjira kafumbi, ana akudandaula kutentha. Tikulowa pa mpanda wa nandolo, maso athu anaona zobiriwira zokhazokha. Panali mabedi a matimati, anyezi, adyo, mabilinganya ndi tsabola wobiriwira wosawawa uja. Maungu anali atayanga pansi pa mitengo ya mapapaya. Bonongwe, luni ndi chisoso zinali kumera pakati pa mbewu zina popanda wozizula. Nthochi zinali pomwe pamathera madzi a kubafa, ndipo m'mbali mwa mpanda munali mitengo ya cham'mwamba. Dothi silinkaoneka, pakuti bedi lililonse linali lophimbidwa ndi udzu ndi masamba ouma. Akuluwo anatifotokozera kuti chitsime chawo n'chimodzi, koma chimakwanira chifukwa nthaka yophimbidwa siiuma msanga.

Ulimi wotere si wachilendo m'dera limenelo. Ku Chitedze, mumsewu womwewo wa ku Mchinji, kuli malo otchedwa Never Ending Food, kumene banja la Kristof ndi Stacia Nordin, limene linabwera kuno mu 1997, lakhala likuonetsa anthu kuti pakhomo pamodzi pangathe kumera zakudya zamitundumitundu chaka chonse. Iwo akhala akulemba mndandanda wa zakudya za kwathu kuno, ndipo zilipo mazanamazana, zambiri mwa izo tinaziiwala chifukwa cha kukonda chimanga chokha. Kufupi ndi Kumbali kunakhazikitsidwanso malo a Kusamala ophunzitsira ulimi wa mtundu womwewu.

Pansi pa mtengo wa mango panali uvuni wadothi wooneka ngati chulu chaching'ono. Akuluwo anaumba okha ndi njerwa, dothi la pachulu ndi mchenga. Moto unali utayaka kale m'katimo, ndipo nkhuni zake zinali mapesi a nandolo, zitsononkho ndi nthambi zimene amadulira m'mitengo ya pamundapo. Anatiuza kuti chimangireni uvuniwo sanagulepo thumba la makala. Ife amene timaona njinga za makala zikulowa mumzinda m'bandakucha, nkhalango ya Dzalanyama ikunka nitha, tinangoyang'anana.

Tchizi chili mumtondo

Palibe mwana amene anapatsidwa mpando. Atsikana anawatuma kukasankha mtedza ndi kusinja nsinjiro. Ana aang'ono anapita kukathyola matimati akupsa. Mnyamata wathu anapatsidwa lichero. "Mdzukulu wanga, kathyole nkhwani, masamba anthete okhaokha. Ukabwera usadzule wekha." Anapita mokoka miyendo, koma anapita.

Amayi a pakhomopo anali ataphika kale mbatata yofiira m'kati. Anaikanya mpaka kusalala, n'kuisakaniza ndi ufa wa tirigu, mchere pang'ono, mafuta pang'ono ndi madzi ofunda. Mtandawo anaukanya kwa nthawi, n'kuuphimba ndi nsalu kuti upume. Matimati anawaphika ndi anyezi ndi adyo mpaka madzi anaphwera. Nsinjiro anazithira madzi, n'kuzitakasa pamoto mpaka zinalimba ngati phala, kenaka anafinyiramo ndimu. Nkhwani ndi bonongwe anaziviika m'madzi owira kwa kanthawi kochepa, n'kuzifinya.

Mnyamata uja ankaonerera zonsezi, kenaka anafunsa: "Agogo, nanga tchizi chili kuti?"

"Tchizi chathu chimachokera mumtondomo," anayankha akuluwo, akuloza phala la nsinjiro lija.

Anakankhira makala a moto kumbali imodzi ya uvuni, anasesa pansi pake, n'kuwazapo kaufa pang'ono. Anati ufawo ukada nthawi yomweyo ndiye kuti uvuni watentha mopitirira, koma ukamafiira pang'onopang'ono ndiye kuti nthawi yakwana. Mwana aliyense anapatsidwa kamtanda kake kuti akafutukule ndi botolo mpaka kukhala kopyapyala, apake matimati, aike masamba, anyezi, mabilinganya ndi nyemba zophika, kenaka adonthezere nsinjiro pamwamba. Pasanathe mphindi zisanu yoyamba inatuluka, m'mbali mwake mutafiira, fungo la adyo litadzaza bwalo lonse.

Tinakhala pamikeka dzuwa lili pafupi kulowa, kamphepo katayamba kuwomba. Mwana wamng'ono ndiye anapemphera. Mnyamata wathu anadya yake yonse, n'kupemphanso chidutswa kwa mlongo wake. Sitinamufunse kanthu. Akuluwo ndi amene anayankhula: "Mdzukulu, ine ndaphikira azungu zaka zambiri. Ankandituma kukagula masamba kusitolo, timapaketi tating'onoting'ono todula kwambiri, n'kumandiuza kuti ndiike pa pizza. Tsiku lina masambawo atasowa ndinaikapo bonongwe wa kuseri kwa khitchini. Anadya, anayamikira, n'kundiuza kuti ndizigula omwewo nthawi zonse." Tonse tinaseka, ndipo mnyamatayo anaseka kuposa aliyense.

Chakudya cha amphawi a ku Naples

Chimene ana athu sadziwa n'chakuti pizza inayamba ngati chakudya cha anthu osauka. Kwawo kwake ndi mumzinda wa Naples ku Italy, kumene zaka zoposa 200 zapitazo amaganyu ndi ogwira ntchito padoko ankagula m'misewu mkate wopyapyala wopakidwa matimati, adyo ndi mafuta, chifukwa unali wotchipa ndipo unkadyeka choimirira. Tinganene kuti inali chitumbuwa cha kumeneko. Ngakhale matimatiwo sanali a ku Italy. Anachokera ku America, monga momwe chimanga chathu, mbatata, mtedza ndi chinangwa zinachokera. Anthu a ku Naples anangotenga zimene zinkamera ndi kupezeka pafupi n'kuziika pa mkate.

Pali nkhani yotchuka yakuti mu 1889 wophika wina dzina lake Raffaele Esposito anakonzera Mfumukazi Margherita pizza ya matimati, tchizi choyera ndi timasamba tobiriwira tonunkhira, mitundu itatu ya mbendera ya Italy, ndipo mpaka lero pizza yotere imatchedwa Margherita. Anthu a ku Italy amene anasamukira ku America ndiwo anaifalitsa kumeneko, ndipo makampani akuluakulu ataigwira anaiwonjezera tchizi, nyama zokonzedwa kufakitale ndi mchere. Imeneyo ndiyo imene ana athu amaiona pa zikwangwani. Mu Disembala 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a ku Naples pa mndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Iwo ananyadira chakudya cha amphawi awo mpaka dziko lonse linachilemekeza. Ife nkhwani wotendera timaubisa alendo akabwera.

Funso la mayi wachikulire

Tili m'kati mwa kudya, mayi wina wachikulire amene tinapita naye anafunsa funso limene mwina nanunso owerenga muli nalo. "Akulu ampingo, kodi izi sizikutsutsana ndi uthenga wathu wa zaumoyo? Mkate wotentha, chakudya cha madzulo, ndiponso chakudya chachilendo?"

Funsoli linali loyenera, ndipo akuluwo anali ataliganizira kale. M'buku la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, Mayi Ellen White analangiza kuti mkate wofufumitsa ndi yisiti usamadyedwe uli wotentha kapena wangophikidwa kumene, chifukwa umavuta kugaya m'mimba. Koma m'malo omwewo anafotokozanso kuti langizoli silikhudza mkate wopanda chotupitsa wophikidwa mu uvuni wotentha bwino. N'chifukwa chake mumtanda wa akuluwa mulibe yisiti, mulibenso soda, ngakhale kuti pizza ya ku Naples imakhala ndi yisiti. Mbatata ija ndiyo imaufewetsa. Buku lomwelo silivomereza tchizi, ndipo malo ake anatenga nsinjiro. Za nkhumba, soseji ndi polony sitingatayirepo nthawi. Pa za chakudya cha madzulo, langizo ndi lakuti chikhale chopepuka ndipo chidyedwe padakali maola angapo munthu asanagone. Ife tinadya dzuwa lisanalowe, ndipo pambuyo pake panali ulendo wa pansi wokakwera minibasi. Mapapaya amene anatipatsa tinanyamula kuti tikadye m'mawa.

Pa za chakudya chachilendo, tinakumbutsana kuti pa Genesis 1:29 chakudya choyamba chimene munthu anapatsidwa chinali zomera za mbewu ndi zipatso za mitengo, ndipo pa Genesis 2:15 ntchito yake yoyamba inali kulima ndi kusamala munda. Zonse zimene zinali pa mkate uja, kupatula ufa wa tirigu, mchere ndi mafuta, zinathyoledwa pamunda umene tinakhalapo. Mayi aja anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ndiye ndipatseni chidutswa china, koma cha m'mbali chopsa bwinocho."

Tisabisenso chilungamo. Ufa woyera wa tirigu ndi wochotsedwa gaga, monga ufa woyera wa chimanga, ndipo ubwino wake wambiri umatsalira kuchigayo. Amene angapeze ufa wa tirigu wosachotsa gaga agwiritse ntchito umenewo. Ndipo pizza, ngakhale ya nkhwani, isalande malo a mgaiwa, nyemba ndi masamba a tsiku ndi tsiku. Ndi chakudya cha apo ndi apo.

Chifukwa chake nkhaniyi si yaing'ono

Mwina wina anganene kuti mwana kukana ndiwo ndi nkhani ya m'nyumba iliyonse. Koma taonani kumene tili monga dziko. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mbali inayi, kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi mwana wosakula bwino komanso kholo lodwala BP kapena shuga. Mavuto onse awiri amakumana m'mbale.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo mchere usafike magalamu 5, kumene kuli pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi. Zakudya zogula zophikaphika, kaya ndi pizza, kaya tchipisi cha pachiwaya, kaya timapaketi tokhukhuluza tija, zimakhala ndi mchere ndi mafuta ambiri koma masamba ochepa. Mwana amene wazolowera kunyoza masamba ali ndi zaka 13 akadzayamba kulandira malipiro ake adzagula zomwezo tsiku ndi tsiku. Mmera m'poyamba.

Kafukufuku wamkulu wa yunivesite yathu ya Loma Linda, wotchedwa Adventist Health Study-2, amene anayamba mu 2002 ndipo anatsatira abale ndi alongo pafupifupi 96,000 ku America ndi ku Canada, anapeza kuti amene amadya kwambiri zomera sadwaladwala BP ndi shuga poyerekeza ndi amene amadya nyama nthawi zonse. Uthenga umenewu kuno kwathu si watsopano. Mpingo wathu wakhala ukuphunzitsa zaumoyo kuyambira pamene ntchito inayamba ku Malamulo, m'boma la Thyolo, mu 1902. Ntchito imene yatitsalira ife makolo ndi kupeza njira yakuti ana athu aukonde uthengawo pakamwa pawo.

Aphungu a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso, mafuta ndi zochokera ku nyama. Mkate wa ku Njewa uja unali ndi magulu anayi pa chidutswa chimodzi, ndipo zinthuzo zimathandizana. Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira kapena Zondeni, imapereka vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, ndipo mafuta a munsinjiro amathandiza thupi kumulandira. Masamba obiriwira ndi nyemba zili ndi ayironi wothandiza magazi, ndipo vitamini C wa m'matimati ndi ndimu amathandiza kuti ayironiyo alowe bwino m'thupi. Mabanja amene amadya mazira akhoza kuduladula dzira lowiritsa n'kuika pa chidutswa cha mwana wamng'ono.

Palinso nkhani ya m'thumba. Tirigu amalimidwa pang'ono chabe kuno, kumadera ozizira monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno, ndipo wambiri amene timadya amachokera kunja. N'chifukwa chake mitengo ya buledi ndi ufa inakwera nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, n'kukweranso ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbatata ikatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mtanda, ufa umene mwagula umapita patali.

Kaphikidwe kake popanda uvuni

Ambiri a ife ku Mtandire tili m'nyumba za lendi ndipo sitingaumbe uvuni pabwalo la eni ake. Koma aliyense amene anaphikapo chigumu amadziwa kale njira: moto pansi, moto pamwamba. Tinayesa pa mbaula kunyumba kwathu ndipo zinatheka. Zimene zili pansipa zikwanira anthu asanu.

Tengani makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mbatata yofiira yophika ndi yokanya, theka la sipuni yaing'ono ya mchere ndi masipuni aakulu awiri a mafuta. Sakanizani, n'kumathira madzi ofunda pang'onopang'ono mpaka mtanda usiye kumata m'manja. Kanyani kwa mphindi khumi, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo muusiye theka la ola. Kupumako kumathandiza kuti mtanda usamabwerere pofutukula. Ngati mbatata palibe, dzungu lophika ligwira ntchito yomweyo. Musachulutse mbatata kuposa pamenepa, chifukwa tirigu ndiye amagwirizanitsa mtanda, ndipo akachepa mkate umangoyoyoka.

Mtanda ukupuma, phikani matimati asanu kapena asanu ndi limodzi akupsa bwino pamodzi ndi anyezi mmodzi ndi adyo, mpaka madzi aphwere n'kutsala msuzi wolimba. Msuzi wamadzimadzi umanyowetsa mkate. Mumphika wina thirani kapu imodzi ya nsinjiro ndi kapu imodzi ya madzi, takasani pamoto wochepa mpaka zipse ndi kulimba, kenaka finyiranimo theka la ndimu. Musanasinje, sankhani mtedza mosamala ndi kutaya wonse wachuku, wofota kapena wowawa, pakuti chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto. Masamba, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso kapena kholowa, aviikeni m'madzi owira mphindi ziwiri, afinyeni ndi kuwadula. Musathire soda kapena chidulo, chifukwa zimawononga ena mwa mavitamini.

Gawani mtanda magawo asanu. Gawo lililonse lifutukuleni ndi botolo loyera mpaka lipyapyale ngati chapati. Tenthetsani felempani yolemera kapena mphika wafulati pa mbaula ya moto wapakatikati, pakanimo mafuta pang'ono, ndipo phikani mbali imodzi mpaka ichite madontho ofiira. Tembenuzani. Pa mbali yakupsayo pakani msuzi wa matimati, ikani masamba, anyezi, tsabola wobiriwira ndi nyemba zophika zotsala dzulo, kenaka dontheserani nsinjiro. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ikani makala a moto pamwamba pake, ndipo dikirani mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Moto wa pansi uchepe kuti zisapserere. Mbaula ya Chitetezo imasunga kutentha bwino ndipo imadya nkhuni zochepa. Phikirani panja kapena pamalo opita mphepo, chifukwa utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Langizo lalikulu kuposa onsewa ndi ili: ana agwire ntchitoyi ndi manja awo. Mwana amene wasadzula yekha nkhwani ndi kuuyala pa mkate wake sangathe kuunyoza.

Munda wa m'thumba

Tisanatsanzike, akuluwo anapatsa mwana aliyense kapepala ka njere za bonongwe ndi mbewu ya kholowa. Mnyamata wathu anati kwathu kulibe malo olima. Iwo anamutengera kuseri n'kumuonetsa thumba la feteleza lodzaza dothi, masamba atamera pamwamba ndi m'mbali monse.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Sakanizani dothi magawo awiri ndi manyowa owola bwino gawo limodzi. Imikani chitini chobooka mbali zonse ziwiri pakati pa thumba, dzazanimo timiyala, ikani dothi mozungulira, kokerani chitini m'mwamba, ndipo bwerezani mpaka thumba lidzaze. Mzere wa timiyala wa pakatiwo ndiwo umatsitsa madzi mpaka pansi. Boolani mabowo m'mbali, otalikirana ngati chikhatho chimodzi, n'kubzalamo mbande za mpiru, repu kapena kholowa. Pamwamba fesani bonongwe kapena bzalani anyezi. Madzi a pa kiyosiki timagula, choncho gwiritsani ntchito otsukira masamba, mpunga ndi nyemba, komanso otsukuluzira mbale amene alibe sopo wambiri. Bonongwe amayamba kuthyoledwa pakatha milungu inayi kapena isanu. Tsiku losamuka nyumba, thumba limakwera nawo ngolo.

Tichenjezane pa zinthu ziwiri. Choyamba, tisathamangire kukalima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Lingadzi. Amene tinalipo mu Febuluwale 2017 tikukumbukira mmene madzi analowera m'nyumba kuno ku Mtandire, ndipo kugumula magombe ndi khasu kumangowonjezera ngozi yotere. Chachiwiri, masamba alionse, ogula kapena olima tokha, titsuke ndi madzi aukhondo ndipo tisambe m'manja ndi sopo tisanakanye mtanda. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Matimati ogula pamsika nawonso atsukidwe bwino, pakuti alimi ambiri amawapopera mankhwala.

Tinabwerera kunyumba kutada, ana atatopa, zovala zili fungo la utsi. M'minibasi mnyamata wathu anatifunsa ngati tsiku lina tingadzamugulirebe pizza ya m'katoni. Tinamuuza kuti inde, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake ndalama zikadzalola, ndipo adzasankhe yamasamba. Sitikufuna kuti aziiona ngati chipatso choletsedwa chimene adzachithamangire akadzachoka pakhomo pathu. Tikufuna kuti pamene adzailawe akhale ali ndi china choiyerekezera nacho.

Pakali pano pakhonde pathu paima matumba awiri. Amathirira ndi iyeyo, m'mawa asanapite kusukulu, ndipo nkhuku za aneba zikayandikira mkangano wake umamveka mpaka kumsewu. Nsima ya nkhwani wotendera sanafike poikonda monga timaikondera ife, koma mbale siibwereranso yodzaza. Mlungu wathawu anabwera ndi anzake awiri a Pathfinder, n'kutipempha felempani ndi makapu awiri a ufa. Tinamumva akuwauza kuti asathire soda m'masamba, ndiponso kuti tchizi chenicheni chimachokera mumtondo.

Amene muyese kaphikidwe aka mutilembere mmene zayendera, makamaka ngati mwaikapo masamba ena amene ife sitinawatchule. Mvula ikagwa tidzayesa ya bowa, ndipo tidzakuuzani.